Gasiketi ya Minibasi ya Ndevu

Umakaniko ndinauphunzira ku Ndirande, pansi pa mtengo, koma ntchito yovala ovololo ndinaiyamba pagalaja ina kufupi ndi Mandala, kumene kunkabwera magalimoto a mabwana a ku Nyambadwe. Galajayo itatsekedwa ndinangokhala. M'mawa ndinkachoka kunyumba ku Soche ndi masipanala m'jumbo, n'kumazungulira m'tauni kufuna galimoto yofera pamsewu, ndipo masiku ambiri ndinkabwerako manja ali oyera. Amene ankatidyetsa anali akazi anga, mayi a Lonjezo. Ankaoda milamba yowamba kwathu ku Nsanje n'kumagulitsa pamsika wa ku Zingwangwa.

Za ku Joni anandiuza ndi Che Amidu. Anali aakulu kwa ine, a ku Limbe, mwana wa dalaivala wa malole, ndipo anali atakhalitsa kale ku Debeni. Tinakumana m'shopu ya masipeya atabwera kudzaona banja. Anandimva ndikukangana ndi wogulitsa pa nkhani ya beringi yabodza, anazindikira kalankhulidwe ka kwathu, anandiyang'ana manja n'kuseka.

"Msena iwe, manja amenewa ukuwasungira ndani kuno? Kuja magalimoto amachita kukudikira pamzere."

Tsiku lonyamuka mayi a Lonjezo anandiperekeza kudepoti atabereka mwana. Sanalire. Ndinawauza kuti ndikangopeza zida zoyambira galaja yangayanga ndibwerako, ndipo ndinkakhulupirira zimenezo. Za ulendowo ndimakumbukira mlatho wa ku Tete, kutupa kwa miyendo, ndi malo ena amene anatitsitsa tonse n'kutikwezanso osatiuza chifukwa. Ine ndinkangotsata chipewa choyera cha Che Amidu.

Galaja inali kunja kwa Debeni, pakati pa mafakitale ndi makomboni. Mwini wake anali Mmwenye wobadwira konko. Ife awiri tinkagona kuseri, m'kontena, pamodzi ndi matayala. Kukatentha chitsulo chinkachita thukuta n'kumatidonthera kumaso, kukazizira tinkafunda makapeti a m'magalimoto. Koma chimene chinandizunguza kwambiri ndi chilankhulo. Bwana ankalankhula Chingelezi chothamanga, makasitomala Chizulu. Chizulucho ndinachigwirako, koma mpaka tsiku lochoka ndinkachimva ngati wailesi yothawa siteshoni: apa mawu omveka, apa phokoso. Che Amidu ankachilankhula ngati anabadwa nacho. Ndi iwo anandiphunzitsa kuti m'minibasi ndizingopereka moni n'kutseka pakamwa, ndiponso kuti foni ikalira pagulu ndisayankhe.

Nditadwala chifuwa ankandiwiritsira jinja, n'kumagwira ntchito yanga pamwamba pa yawo kuti bwana asandichotse. Nthawi ya Ramadani ndinkakadyera kuseri kwa matayala kuti ndisawavutitse, iwo n'kumafuula kuti ndikutafuna mokweza dala. Lachisanu masana ankapita kumzikiti, n'kukakhala kwa anzawo a kumeneko mpaka Lamulungu. Ine ndinkatsala kuchapa maovololo ndi kuimba foni kunyumba.

Poyamba tinkalankhula mpaka mayunitsi kutha. Kenako nkhani zinayamba kufupika: muli bwanji, tili bwino, katundu wafika. Katunduyo ndinkapatsira madalaivala a mabasi, mabulangete, mafuta ophikira, nsapato za Lonjezo zimene nthawi zonse zinkafika zitamuchepa kale. Chaka chilichonse ndinkati Khirisimasi ikubwerayi ndipita. Ikafika pankakhala injini yotsegula, kapena mapepala anga atatha, kapena ndinkaona kuti zida sizinakwanebe. Zaka zinadutsa ine ndili pansi pa magalimoto.

Pa makasitomala onse, amene ndinkamuopa anali Ndevu. Dzina lake lenileni sindinalidziwe. Tinkangomutchula choncho chifukwa ndevu zake zinkafika pachifuwa. Anali ndi maminibasi onyamula anthu, ndipo ankavala jekete lachikopa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Moni sankapereka. Makiyi ankawaponya pansi kuti nditole.

"Kwerekwere," ankatero, dzina limene amatitchula alendo kumeneko, "ukaiononga iyi, kwanu ukapita m'bokosi."

Komabe galimoto zake zonse ankabwera nazo kwa ife, magalaja a anthu akwawo ali mbwee. Ndinafunsapo Che Amidu chifukwa chake. Anati n'chifukwa ndife otchipa.

Nthawi imene mphekesera zinayamba kumveka zoti alendo akuthamangitsidwa m'makomboni, Ndevu anabwera ndi minibasi yake yakale, yoyera, ya petulo. Inkati ikaima pamaloboti injini imakwera yokha, n'kutsika, n'kunjenjemera, n'kuzima. Anali atasinthitsa kale mapulagi kwina koma palibe chinasintha. Injini ya minibasi imeneyo ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye ndinatukula mipando, n'kugwada, n'kutchera khutu. Pansi pa phokoso lonselo panali kalikhweru kakang'ono.

Pamwamba pa injini pamakhala chibokosi cha aluminiyamu chimene chimalandira mpweya n'kuugawira masilinda. Timachitcha pulenamu. Pamene chibokosicho chimakhalira pamakhala gasiketi, chipepala cholimba chotseka kuti mpweya usalowere m'mbali. Ikang'ambika, injini imakoka mpweya wochuluka kuposa petulo, n'kusokonezeka. Ndinapopera mankhwala otsukira kabuleta m'mphepete monse, injini ikulira. Nditafika pangodya yakumbuyo inasintha mawu nthawi yomweyo.

"Ndi gasiketi," ndinauza Che Amidu, iwo n'kumuuza Ndevu.

Masana omwewo ndinayamba kumasula. Ndinachotsa waya wa batire, chipaipi chachikulu cha mpweya, mawaya onse, ndi timapaipi tating'ono takuda timene timafanana tonse. Timeneti ndinatimanga ulusi wa mitundu kuti ndisadzasokoneze. Nditamasula mabauti ndinanyamula pulenamu, n'kutseka mabowo a injini ndi nsanza kuti musagwere kanthu. Gasiketi yakale inali youma ngati bisiketi, yosweka pangodya ija. Bwana anati yatsopano abwera nayo mawa kuchokera m'tauni.

Mawa lakelo bwana sanabwere. Anaimba foni. "Musatsegule lero. Mashopu onse atseka. Bisalani."

Kumtunda kwa msewu kunkafuka utsi, ndipo nyimbo zinkamveka, za anthu ambiri oyenda pamodzi. Ndinalowa m'kontena n'kuyamba kuponya zovala m'chikwama, ndikuika, ndikutulutsa, osadziwa chotenga. Che Amidu ankati tidumphe mpanda wakumbuyo tilowe m'munda wa nzimbe. Tisanatero geti linagunda. Anali Ndevu, wapansi, chibonga chili m'manja. Analowa, anatseka geti, anayang'ana chikwama changa, n'kuyang'ana minibasi yake ili yasaa.

"Palibe atuluke pano galimoto yanga isanalire."

Che Amidu anamuuza kuti gasiketi palibe. Ndevu anayankha kuti imeneyo si nkhani yake. Anakoka tayala n'kukhala pageti, kutipatsa msana.

Gulu lija linafika dzuwa litakwera. Geti linali la zitsulo zotalikirana, ndiye ndinkawaona bwinobwino: zikwanje, zikwapu, ndodo, ena atanyamula katundu wa m'mashopu amene anaphwanya. Ena ndinkawadziwa. Mmodzi ndinali nditamukonzerapo mabuleki. Ndevu anaimirira n'kuyamba kulankhula nawo mokalipa. Ndinamva "galimoto yanga." Ndinamva "awa." Mawu amodzi ndiye ndinawamva bwino kwambiri, chifukwa anawabwereza: "akamaliza." Anthu aja anaseka, ena n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu.

"Che Amidu, akuti tikamaliza atani nafe?"

"Pala chitsulocho, Msena."

"Inu mwamva zonse. Atipereka?"

"Ndati pala."

"Ndiye ndifulumire kapena ndichedwe?"

Anandiyang'ana. "Gwira monga umagwirira Lachiwiri lililonse."

Ndinagwada m'kati mwa minibasi ndi lezala, n'kuyamba kupala zotsalira za gasiketi yakale. Ntchito imeneyi siifuna ukali. Aluminiyamu ndi yofewa, ukaikanda wapanga njira ina ya mpweya. Ndinkapala pang'onopang'ono, n'kuganiza kuti kuchedwaku ndiye kukutisunga. Kenako ndinkamva mwala ukugwa padenga la galaja, n'kuganiza kuti akatopa kudikira athyola geti, ndiye ndinkafulumira. Ndikafulumira ndinkakumbukira "akamaliza" uja, n'kuyambanso kuchedwa. Mutu unkandiuza ziwiri nthawi imodzi, ndipo zonse zinkamveka zoona.

Che Amidu anali atalowa m'sitolo. Anatulukamo ndi chidutswa cha pepala la gasiketi chimene chinagwera kuseri kwa kabati kalekale, chafumbi, chopindika. Tinachiwongola ndi botolo. Ndinatsuka nkhope ya pulenamu ndi petulo, ndinaipaka oyilo wakuda pang'ono, n'kuidinda papepala. Chithunzi chake chinatuluka, mabowo aakulu ndi a mabauti omwe. Ndinayamba kudula ndi lezala motsata mzere. Ndili pakati wina anamenya geti ndi chikwanje, dzanja linalumpha, lezala inadutsa pamene sipanayenera. Pepala linagawika.

Tinayang'ana chotsalacho. Chinali chongokwanira imodzi, ndiponso mopanikiza.

"Bweretsani mudule inu," ndinatero.

"Maso anga saonanso mizere yotere. Dula iwe. Ine ndigwira."

Anagwira pepala ndi manja awiri pathabwa, n'kuyamba kundifunsa za kwathu. Ankafuna kudziwa ngati n'zoona kuti ku Nsanje dzira limapsa ukaliika pamchenga, ndiponso ngati Asena amadyadi ng'ona. Ndinkayankha zimene sindikuzikumbukira. Lezala inayenda, inazungulira bowo loyamba, lachiwiri, mpaka onse. Mabowo a mabauti tinaboola ndi kachidutswa ka paipi konola, kukamenya ndi hamala. Hamala ikalira, kugeti kunkakhala zii, ngati nawonso akutsata ntchito.

Ndevu anabwera kamodzi kudzasuzumira. Anaona gasiketi yodula pamanja ija, analavula, ananena kanthu kwa Che Amidu motsitsa mawu. Che Amidu anayankha mawu amodzi. Nditafunsa anati akufunsa nthawi.

Ndinachotsa nsanza m'mabowo, n'kupisamo chala kuona ngati simunatsale kanthu. Ndinayala gasiketi, tinatsitsa pulenamu awiri kuti isatsetsereke. Mabauti ake sumanga motsatana. Umayambira apakati n'kumatuluka, uku ndi uku mopingasa, pang'onopang'ono, kubwereza kangapo, kuti chitsulo chikhale mofanana. Zimenezi manja anachita okha. Pamene ndinasokonezeka ndi pa timapaipi tija. Ulusi wofiira ndinauona, wobiriwira ndinauona, koma tanthauzo lake linali litachoka m'mutu. Ndinkagwira kapaipi n'kumakayang'ana ngati sindinakaonepo. Ndinalumikiza monga ndinaganizira, ndinabwezera waya wa batire, Che Amidu anapotoza kiyi.

Injini inakuwa, inakwera, n'kuzima.

Kugeti kunabuka mfuu. Ena ankaseka, ena anaimirira. Ndevu sanatembenuke, koma ndinaona chibonga chikusintha dzanja.

"Mpweya ukulowabe," anatero Che Amidu. "Gasiketi yathu?"

Ndinapisa dzanja kuseri kwa pulenamu, kumene maso safika, n'kumapapasa chitsulo. Chala chinapeza kamlomo kopanda paipi. Kapaipi kake kanali lende pansi, ulusi wake uli pomwepo. Ndinakalowetsa.

Ulendo wachiwiri injini inalira, inakwera pang'ono, inatsika, n'kukhazikika. Ndinapoperanso mankhwala aja m'mphepete monse, pangodya yakumbuyo ndinabwereza. Sinasinthe mawu. Pa ntchito zonse zimene ndagwira m'moyo wanga palibe ina imene inatuluka bwino chotero ine n'kumva mantha chotero. Tinali titamaliza.

Ndevu anabwera, anatsitsa mipando, anakhala pachiwongolero. "Lowani. Gonani pansi."

"Akutitengera kuti?" ndinafunsa.

"Lowa, Msena."

Ndinagona pakati pa mipando, tsaya lili pakapeti, phazi la Che Amidu lili pamphuno panga. Chikwama chija chinatsala. Ndinamva geti likutseguka, kenako zikhatho ndi ndodo zikumenya m'mbali mwa galimoto, Ndevu akutukwana pawindo, hutala ikulira. Anaima. Anayendanso pang'ono, anaimanso. Akaima ndinkamvetsera injini pansi pa chifuwa changa, chifukwa ikanazima pamenepo sindikudziwa kuti bwenzi ndili kuti. Che Amidu ankanong'ona mapemphero awo a Chiarabu. Ine ndinayamba Atate Wathu m'Chisena, ndinamalizira m'Chichewa, pakati ndinalumpha. Sindinkadziwa ngati tikuthawitsidwa kapena tikupita kumene kulibe mboni.

Pamene anatsegula chitseko tinali pabwalo lalikulu lodzaza anthu ndi mitolo, apolisi atazungulira. Ndinamva mayi wina akukalipira mwana m'Chiyao, wina akuitana mnzake m'Chitumbuka. Nditatsika ndinapita pawindo la Ndevu, ndinasonkhanitsa Chizulu changa chonse kuti ndithokoze. Sanandiyang'ane.

"Pita kwanu, kwerekwere," anatero, n'kuchotsa galimoto.

Pabwalopo tinakhala masiku angapo, tikugona pamakatoni, mpaka mabasi otibweza kwathu anabwera. Tinaima pamzere limodzi. Nditaponda sitepe ya basi ndinaona kuti Che Amidu atsalira m'mbuyo.

"Tiyeni, malo atha."

"Iwe pita. Ine ndili ndi zoti ndilongosole."

"Zolongosola ziti? Kontena ija mwina aiotcha kale. Mukufuna akupheni?"

"Ukakafika ukapite ku Limbe kwa Abiti Saidi, ukawauze kuti ndili moyo."

Abiti Saidi anali akazi awo. Anthu akumbuyo anandikankha, ndinalowa. Pawindo ndinaona chipewa choyera chikupita kugeti la bwalo.

Blantyre ndinamupeza wina. Njinga zamoto zinali ponseponse, zikulowa pakati pa magalimoto ngati nyerere. Pamene panali galaja yathu yakale panali nyumba yagalasi. Woitanira minibasi anandigwira mkono n'kunena kuti, "Soche iyi, madala, khalani kutsogolo." Ndinacheuka kufuna madalawo.

Nyumba ndinaidutsa, n'kubwerera. Inali ndi mpanda wanjerwa, ndipo kuseri kunkamveka nkhuku zambiri. Anatsegula geti ndi mtsikana wamtali, wa yunifolomu ya kusekondale. Anagwada n'kundipatsa moni wa alendo, kenako anaitana, "Amayi, kwabwera anthu." Anali Lonjezo.

Mayi a Lonjezo anatuluka akupukuta manja. Anali atanenepa, atavala magalasi. Anati, "Mulungu ndi wamkulu, tinkaona pamafoni zimene zimachitika," ndipo ndinaona kuti akunena zoona. Anandipatsa mpando, madzi osamba, chakudya. Anandifunsa za ulendo monga umafunsira mlamu wochokera kumudzi. Za nsomba anali atasiya kale; tsopano ankaweta nkhuku zoyera n'kumaperekera m'malesitilanti a m'tauni. Ndinasonyezedwa kachipinda ka pafupi ndi khitchini, koyalidwa bwino, bulangete lake limodzi la amene ndinatumiza. Ndinaganiza kuti mwina ndi za tsiku loyamba. Koma masiku anapita ndili momwemo. Palibe ankandikwiyira. Lonjezo ankandibweretsera tiyi atagwada, ndikamufunsa za sukulu ankayamba wayang'ana kwa amayi ake. Ndikafuna sopo ndinkachita kufunsa pamene amakhala.

Nditapezako mphamvu ndinakwera ya ku Limbe. Abiti Saidi ndinawapeza m'kashopu kawo ka zitenje kuseri kwa msika, akuyeza nsalu ndi mkono. Ndinadzitchula, anandikokera mpando. Njira yonse ndinali ndikukonza mawu, chifukwa ndinkaona ngati ndabwera ndi uthenga wa maliro.

"Che Amidu anati ndidzakuuzeni kuti ali moyo. Pabasi sanakwere. Chifukwa chake sindikuchidziwa."

Anapinda chitenje, anachiika pamulu. "Atsalira ana."

"Ana ati?"

Anandiyang'ana pamwamba pa nsalu. "Achimwene, musandichite chipongwe m'shopu mwanga. Mwagona nawo chipinda chimodzi zaka zonsezi."

"Mayi, ndikulumbira. Tinkakhala awiri. Lachisanu lokha ndi pamene ankapita kumzikiti, n'kubwera Lamulungu."

"Kuswali kwake kotani kofika Lamulungu?" Anaseka, koma osati mokondwa. "Ali ndi mkazi wa Chizulu, ana atatu. Azichimwene anga amayendetsa mabasi a kumeneko, nyumba yake anaiona. Akuti mlongo wake wa mkaziyo ndi munthu wa maminibasi."

"Wa ndevu?"

"Ine ndidziwe ndevu za alamu awo a amuna anga?"

Kunabwera kasitomala, anayamba kutambasula zitenje, ine ndinatsanzika.

M'minibasi yobwerera ndinkangotembenuza nkhaniyo. Ngati Ndevu anali mlamu wawo, ankawatukwaniranji pamaso panga zaka zonse zija? Kapena ankatukwana ine ndekha, ine n'kumayesa ndi tonse? Ngati anabwera kudzatipulumutsa, bwenzi atabwera ndi galimoto ina yoyenda. Kapena mwina anadziwa kuti gulu lija silingalole kuti atitulutse popanda chifukwa, ndiye gasiketi inali chifukwa. Kapenanso ankangofuna minibasi yake isapse, ife tinakwera mwamwayi. Anthu a maminibasi ku Debeni ndi ambiri, ndipo si onse ali ndi alongo okwatiwa ndi Amalawi. Ndinayesa nambala ya Che Amidu, sinkapezeka, ndipo mpaka lero siipezeka. Ndinadutsa siteji yanga, ndinakatsikira patsogolo n'kubwerera wapansi.

Mayi a Lonjezo ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutsuka zomwera nkhuku.

"Ndachokera kwa Abiti Saidi."

"Akulandirani bwino?"

"Akuti Che Amidu ali ndi banja kumene kuja. Inu mumadziwa?"

"Ndani sadziwa?"

Ndinakhala panjerwa. Apa m'pamene kachipinda ka pafupi ndi khitchini kanayamba kumveka.

"Mayi a Lonjezo, ine kumene kuja ndinalibe munthu."

Sanatembenuke. "Musavutike kubisa. Nkhani imeneyo inatha kale. Ngati kuli ana, ndi magazi anu, akadzabwera sindidzawathamangitsa."

"Kulibe ana. Kunalibe mkazi. Kunali kontena ndi matayala."

Anasiya kutsuka. Madzi ankadontha m'zala zawo.

"Abiti Saidi atamva za amuna awo anabwera pano," anatero. "Anakhala panjerwa pomwe mwakhalapo. Anati, awiriwa amadya mbale imodzi, wina angakhale ndi banja mnzake ayi? Ine ndinawatsutsa. Ndinakuimbirani tsiku lomwelo kufunsa kuti mubwera liti. Munati Khirisimasi. Inafika, inapita."

"Mukanandifunsa."

"Ndani amavomera pafoni?" Anavula magalasi, anawapukuta pachitenje, sanawavalenso. "Ine ndinalira, bambo a Lonjezo. Ndinaonda mpaka anthu kumsika ankati ndayamba mankhwala. Amayi a kutchalitchi ankabwera kudzandipempherera pakhonde apo. Kenako ndinakukhululukirani. Ndinagwada, ndinamupempherera mkaziyo, dzina lake osalidziwa, kuti azikusamalani mukadwala. Nditadzuka pamenepo ndinakagula anapiye. Lero mukuti kunalibe?"

"Kunalibe."

Anandiyang'ana. Ndinaona kuti andikhulupirira, koma chimwemwe chimene ndinkayembekeza m'maso mwawo munalibe. Ankaoneka ngati munthu amene wamuuza kuti nyumba imene wamanga ili pamalo a eni.

"Ndiye chinakusungani n'chiyani?"

Chilichonse chimene ndinkafuna kutchula, chikafika palilime chinkachepa. Nkhuku zinkalira m'khola, kumsewu njinga yamoto inadutsa.

"Sindikudziwa," ndinatero.

Anavala magalasi aja. Anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itaphimba phiri la Soche, kenako analoza thumba la chakudya cha nkhuku limene linali pabwalo.

"Gwirani uko, linganyowe."

Tinalinyamula awiri, iwo kutsogolo akuyenda chafutambuyo, akundiuza poponda.